Kuyendetsa sitima m'chifunga: maso, makutu ndi rada

Mwana wanga, funso limene wandifunsa ndi labwino, ndipo ndakondwa kuti walifunsa usanayambe kugwira chiwongolero. Wati: ngati sitima ili ndi rada, imene imapenya mumdima ndi m'chifunga momwe, n'chifukwa chiyani timaimikabe munthu kutsogolo kuti aziyang'ana kumene sikukuoneka kanthu? Tenga pensulo ndi pepala, chifukwa pakati pa phunziroli tiwerengera limodzi. Tiyambe ndi zofewa.

Chifunga ndi mtambo umene watsika n'kukhala pamwamba pa madzi, timadontho ting'onoting'ono tongolenjekeka mumpweya. Akatswiri a zanyengo amati kwagwa chifunga pamene munthu sangathe kuona chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 1,000. Panyanja zamchere chimabwera kawirikawiri mpweya wofunda ndi wachinyontho ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira. N'chifukwa chake sichisowa ku Grand Banks, kufupi ndi Newfoundland, kumene madzi ozizira ochokera ku Labrador amakumana ndi madzi ofunda a Gulf Stream, ndiponso kugombe la Namibia, kumene kumadutsa madzi ozizira a Benguela. Chifunga cha mtundu umenewu sichibalalika msanga dzuwa likatuluka.

Pa nyanja yathu ya Malawi, chimene chidzakutseka maso kawirikawiri ndi mvula yamkuntho, kapena utsi wa moto wa m'tchire m'miyezi yotentha. Usaganize kuti phunziroli silikukhudza zimenezo. Malamulo sasiyanitsa: chifunga, chimvula, utsi, fumbi, zonsezi amaziika m'gulu limodzi, nthawi imene maso sakufika patali.

Malamulo ndikunenawa ndi opewera kugundana kwa sitima panyanja. Mayiko adagwirizana za iwo ku London mu 1972, kudzera m'bungwe limene lero limatchedwa IMO, ndipo adayamba kugwira ntchito pa 15 Julaye 1977. Amalinyero amangowatchula kuti COLREGs. Dziko lililonse likhoza kukhala ndi malamulo akeake a mitsinje ndi nyanja za m'kati mwake, koma nzeru yake imakhala yomweyi. Usunge manambala asanu awa: lamulo 5, 6, 7, 19 ndi 35.

Usungenso miyezo iwiri. Mailo ya panyanja ndi mamita 1,852. Knot ndi liwiro la mailo imodzi ya panyanja pa ola. Sitima yothamanga ma knot 10 imayenda mailo imodzi pa mphindi 6 zilizonse, chifukwa mphindi 6 ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a ola. Mphindi 6 zimenezi tizigwiritsa ntchito posachedwa.

Ntchito imayamba chifunga chisanakukute. Ukaona chikubwera, lemba pa mapu pamene sitima ili, ndi nthawi yake, ukadali kuona gombe. Dzutsa kaputeni, ngakhale wangogona kumene. Yatsa nyali zoyendera, ngakhale ndi masana. Uza a ku injini akhale tcheru, chotsa chiwongolero pa makina odziyendetsa okha uchipereke m'manja mwa munthu, ndipo uchepetse liwiro.

Lamulo 6 limafuna liwiro loti sitima ingathe kupewa ngozi ndi kuima pa mtunda woyenera. Silitchula nambala, chifukwa nambalayo imasintha ndi kukula kwa chifunga, kuchuluka kwa maboti ena, mphepo, ndi mmene sitimayo imamvera ikauzidwa kuima. Sitima ilibe mabuleki. Yaikulu yodzaza katundu imatha kupitirira mtunda woposa mailo injini zitabwezedwa kale m'mbuyo. Ukachepetsa liwiro umapeza nthawi yomvetsera, nthawi yowerengera ndi nthawi yokhota. Zonse zimene ndikuphunzitse kuyambira pano zimadya nthawi, ndipo nthawiyo ilibe kwina kochokera.

Tsopano tifike pa munthu wa m'funso lako uja. Timamutcha mlonda: mlinyero amene wapatsidwa ntchito imodzi yokha, yoyang'ana ndi kumvetsera. Lamulo 5 limati ulonda uzichitika nthawi zonse, ndi maso, ndi makutu, ndiponso ndi chida chilichonse chimene sitima ili nacho. Ona kuti makutu atchulidwa. M'chifunga makutu amatsogola, maso amabwera pambuyo.

Mlonda amaima kumutu kwa sitima, kutali ndi phokoso la injini. Amavula chipewa chotseka makutu ngakhale kukuzizira, ndipo foni amaisiya m'thumba. Zitseko za chipinda chowongolera zimakhala zotsegula, nyimbo zimazimitsidwa, macheza amatha. Mlonda sapatsidwa ntchito ina, sakolopa, sakonza zingwe, ndipo wogwira chiwongolero sawerengedwa kuti ndi mlonda, popeza maso ake ali pa kampasi. Akamva kanthu amanena mokweza ndi mwachidule: "Lipenga lalitali kamodzi, kutsogolo chakumanja!" Ndipo woyendetsa amabwereza mawuwo kuti mlonda adziwe kuti amveka. Kuyang'ana chifunga kumatopetsa. Pakapita nthawi maso amayamba kuona zinthu zimene kulibe. Choncho alonda azisinthana asanatope. Ndipo iwe ukadzakhala woyendetsa, usadzamuseke mlonda amene wanena chinthu n'kupezeka kuti sichinali kanthu. Ukamuseka lero, mawa adzakhala chete.

Kodi mlondayo akumvetsera chiyani? Lamulo 35 lidapatsa sitima iliyonse mawu ake. Kuliza kwakutali ndi kwa masekondi 4 mpaka 6. Kwakufupi ndi kwa sekondi imodzi. Sitima ya injini imene ikuyenda imaliza kwakutali kamodzi, pasanathe mphindi 2 n'kubwerezanso. Ikaima pamadzi koma osaponya nangula, imaliza kwakutali kawiri. Ya matanga, yophera nsomba imene makoka ali m'madzi, yokoka inzake, kapena yowonongeka, imaliza kwakutali kamodzi ndi kwakufupi kawiri. Yoponya nangula imagwedeza belu mwachangu kwa masekondi 5 pa mphindi iliyonse. Boti lochepera mamita 12 silikakamizidwa kutsata mawu amenewa ndendende, koma liyenera kuchita phokoso lomveka bwino pa mphindi 2 zilizonse. Uziloweze zimenezi mpaka uzizidziwa uli m'tulo. Dziwanso kuti chifunga chimasokoneza mawu: lipenga likhoza kumveka ngati lili kumanja pamene lili kutsogolo, kapena kumveka motsika pamene lili pafupi. Khutu limakuuza motsimikiza kuti kuli wina. Malo ake enieni limangoyerekeza.

Apa ndi pamene rada imatithandiza. Unafuulapo pafupi ndi phiri, mawu ako n'kubwerera kwa iwe? Phiri likakhala patali, mawu amachedwa kubwerera. Rada imachita zomwezo, koma ndi mafunde a wailesi. Mlongoti wake, umene umazungulira pamwamba pa sitima, umaponya mafundewo pang'onopang'ono mbali zonse. Akagunda chinthu amabwerera, ndipo makina amayeza nthawi imene apita ndi kubwera. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, motero kuyezako kumachitika mwachangu choti ife timangoona zotsatira: kadontho kowala pa sikirini. Nzeru imeneyi idayambira pa vuto lathu lomweli. Mu 1904, Mjeremani wina dzina lake Christian Hülsmeyer adaonetsa ku Cologne, pa mtsinje wa Rhine, chida chozindikira sitima ndi mafunde a wailesi, cholinga chake chili kupewa kugundana m'chifunga.

Kadontho kaja kamakuuza zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtunda, umene umauwerenga pa mizere yozungulira ya pa sikirini. Chachiwiri ndi bearing, kutanthauza mbali imene chinthu chili, yoyezedwa m'madigiri a kampasi: kumpoto ndi 000, kum'mawa 090, kumwera 180, kumadzulo 270. Usanawerenge mtunda, yang'ana sikelo, ndiko kuti utali wochokera pakati pa sikirini kufika m'mphepete mwake. Kadontho kamene kali pa theka la utali umenewu kali pa mamailo 6 ngati sikelo ndi ya mamailo 12, koma kali pa mailo imodzi ndi theka ngati sikelo ndi ya mamailo 3. Chithunzi n'chofanana, ngozi n'yosiyana. Ndibwereze: yang'ana sikelo usanawerenge mtunda. Uzisinthanso sikelo nthawi ndi nthawi, yaitali kuti uone zobwera patali, yaifupi kuti uone zazing'ono zapafupi.

Ndiye pali zimene rada siona, ndipo apa ndi pamene pagona yankho la funso lako. Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi bwino. Mtengo ndi pulasitiki sizibweza bwino. Mabwato osema, amene amakhala motsika m'madzi, akhoza kusaoneka konse. Mwera ukawomba, mafunde a nyanja nawo amabweza mafunde a wailesi, ndipo pakati pa sikirini pamadzaza timadontho tambirimbiri. Pali batani lochepetsera timadontho timeneti, ndi lina lochepetsera ta mvula, koma ukawapotoza mopitirira, umafufuta mafunde pamodzi ndi boti laling'ono limene linali pakati pawo. Chumuni kapena mlongoti wa sitima yako yomwe ukhozanso kutchinga mbali ina, n'kusiya malo amene rada sifikako. Taganizira asodzi a usipa amene akubwerera m'bandakucha, mvula ikugwa, nyali zawo zitazima. Pa sikirini palibe. Amene angawapulumutse ndi mlonda amene wamva kugunda kwa nkhafi, kapena mawu a munthu akuitana mnzake. N'chifukwa chake sitichotsa munthu kutsogolo.

Tsopano tilowe pa povuta, ndipo ndikudziwa kuti utha. Kadontho kamodzi kamakuuza pamene sitima ina ili. Sikakuuza kumene ikulowera. Kuti udziwe zimenezo uyenera kukatsatira, kulemba bearing ndi mtunda wake pa nthawi zofanana, n'kulumikiza malowo ndi mzere. Ntchito imeneyi amalinyero amati plotting. Lamulo 7 limaletsa kuganizira zinthu pa umboni wochepa, makamaka umboni wochepa wa pa rada. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tenga pensulo ija. Tiyerekeze kuti sitima yako ikulunjika kumpoto pa ma knot 10. Nthawi ya 08:00 waona kadontho pa bearing 040, mtunda mamailo 6. Lemba. Pa 08:06 bearing ndi 040, mtunda mamailo 4.5. Lemba. Pa 08:12 bearing ikadali 040, mtunda mamailo 3. Waona chiyani? Bearing sikusintha, mtunda ukuchepa. Chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu cha ngozi pa zizindikiro zonse za panyanja: bearing yosasintha, mtunda ukuchepa. Pa mphindi 6 zilizonse pakuchoka mailo imodzi ndi theka, ndiye kuti mukuyandikirana pa ma knot 15, ndipo mukapanda kuchitapo kanthu mugundana pa 08:24.

Onetsetsa chinthu china. Pa sikirini kadonthoko kakuoneka ngati kakubwera molunjika pa iwe pa ma knot 15. Koma kuyenda kumene ukuonako ndi kuyenda kwa sitima ziwiri kophatikizana, yako ndi yake. Ukachotsapo kuyenda kwako, upeza kuti mnzakoyo akulowera chakumadzulo pa liwiro la pafupifupi ma knot 10, akudutsa kutsogolo kwako kuchokera kumanja. Ophunzira ambiri amapunthwa pamenepa, poganiza kuti mzere wa pa sikirini ndi njira yeniyeni ya sitima inayo.

Mtunda waufupi kwambiri umene mudzapitane umatchedwa CPA. M'chitsanzo chathu CPA ndi ziro. Ntchito yako ndi kuikulitsa. Ukakhotera kumanja ndi madigiri 10 okha pa 08:12, mudzapitana pa mamita pafupifupi 500, ndipo mnzakoyo pa rada yake sazindikira n'komwe kuti wakhota. Ukatsitsa liwiro kufika pa ma knot 5, mudzapitana pa mtunda woyandikira mailo imodzi. Ukakhotera kumanja ndi madigiri 60, mudzapitana pa mailo imodzi ndi theka, ndipo iye aona msanga kuti wasintha njira. Choncho ukakhota, khota kwambiri, khota msanga, khota kamodzi. Kukhota pang'onopang'ono kangapo ndi koipa kuposa zonse, chifukwa kumasokoneza kuwerengera kwa mnzako. Ukatha kukhota usapume. Pitiriza kulemba mpaka sitimayo itadutsa ndithu.

N'chifukwa chiyani ndasankha kumanja? Yankho lili m'lamulo 19. Kunja kukamaoneka bwino, malamulo amanena sitima yoyenera kupatuka ndi yoyenera kusunga njira yake. Koma malamulo amenewo amagwira ntchito pa sitima zimene zikuonana ndi maso. M'chifunga palibe mwini njira. Aliyense ali ndi udindo wopewa mnzake. Ndipo kuti awiri osaonanawo asakhotere mbali imodzi, lamulo limati, momwe zingathekere, usakhotere kumanzere chifukwa cha sitima imene ili chakutsogolo kwako, pokhapokha ngati ukuipitirira. Ndiponso usakhotere kumene kuli sitima imene ili m'mbali mwako kapena chakumbuyo. Ukamva lipenga chakutsogolo, ndipo sunatsimikize kuti palibe ngozi, tsitsa liwiro kufika pochepa pamene sitima ingamverebe chiwongolero, ndipo ngati n'kofunika, ima.

Malamulowa adalembedwa anthu atafa. Usiku wa pa 25 Julaye 1956, kufupi ndi chilumba cha Nantucket ku America, sitima ya ku Italy yotchedwa Andrea Doria inali kupita ku New York m'chifunga, pamene sitima ya ku Sweden yotchedwa Stockholm inali kuchokera ku New York. Zonse zinali ndi rada, ndipo zonse zidaonana pa sikirini zikadali pa mtunda woposa mamailo 10. Andrea Doria idachepetsa liwiro pang'ono chabe, kuchoka pa ma knot 23 kufika pafupifupi pa 22. Stockholm inali pa 18. Kuphatikiza, ankayandikirana pa ma knot 40, mailo imodzi pa mphindi imodzi ndi theka. A pa Andrea Doria sadalembe madontho monga tachitira ife. Adaganiza kuti apitana kumanja kwa wina ndi mnzake, nakhotera kumanzere pang'ono. A pa Stockholm adaganiza kuti apitana kumanzere, nakhotera kumanja. Aliyense ankayesa kuti akukulitsa mpata, pamene ankautseka. Mutu wa Stockholm, wolimbitsidwa kuti uziswa madzi oundana, udaboola mbali ya kumanja ya Andrea Doria. Anthu 51 adafa, 46 pa Andrea Doria ndi 5 pa Stockholm, ndipo m'mawa mwake Andrea Doria idamira. Mlandu wake udathera kunja kwa khoti, koma akatswiri ena amene adaufufuza pambuyo pake adati mwina woyendetsa Stockholm adalakwitsa sikelo ya rada yake. Chimene chimandipweteka mtima m'nkhaniyi n'chakuti nthawi inalipo, zida zinalipo, ndipo rada ndi imene idawalimbitsa mtima kuti asachepetse liwiro.

Masiku ano rada zambiri zili ndi ARPA, makina amene amatsatira madontho okha n'kukuwerengera CPA ndi nthawi yake. Ndi chida chabwino, koma chimafuna mphindi zingapo kuti manambala ake akhazikike, ndipo sitima inayo ikakhota chimachedwa kuzindikira. Kulinso AIS, imene imaulutsa dzina, malo, njira ndi liwiro la sitima. Imaonetsa okhawo amene ali nayo ndipo aiyatsa. GPS imakuuza pamene iwe uli, sinena za ena. Wailesi ya VHF nayonso usamale nayo: m'chifunga sudziwa bwino ngati amene akukuyankha ndi kadontho kamene ukukaopa, ndipo mphindi zimene ukulankhula zikanakhala zokhotera. Zida zonsezi uzigwiritse ntchito, koma uphunzire kulemba ndi dzanja poyamba, kuti makina akakupatsa nambala yolakwika uthe kuikayikira.

Nanga ukakhala m'boti laling'ono lopanda rada? Aliyense avale jekete yoyandamitsa. Pachika pamwamba chobwezera mafunde a rada, chimene ndi timapepala ta chitsulo tolumikizidwa mopingasana, kuti sitima zazikulu zikuone. Choka m'njira yawo, ulowere ku madzi osaya kumene izo sizingafike, ukuyeza kuya kwa madzi pamene ukupita. Nthawi ndi nthawi tsitsa injini kuti umvetsere. Ukapeza malo abwino, ponya nangula, uziliza belu kapena kumenya chitsulo, udikire kuti kuyere. Ndipo ngati chifunga chakupeza usananyamuke pa doko, khala pomwepo.

Ntchito yako ya sabata ino ndi iyi. Tsiku limene kunja kukuoneka bwino, khala pa rada, usankhe sitima kapena boti limodzi limene ukuliona ndi maso. Lemba bearing ndi mtunda wake katatu, motalikirana mphindi 6, uwerengere CPA, kenaka udzutse mutu uone ngati zimene walemba zikugwirizana ndi zimene zikuchitika pamadzi. Uwerengenso mabwato amene maso ako akuona, uwafunefune pa sikirini, ulembe kuti ndi angati amene akusowa ndiponso kuti ayamba kuoneka pa mtunda wanji. Ubwere nalo pepalalo Lolemba tidzalione limodzi.